Kamuvi kofiira ka ku Nyimba kakunena chiyani?

Kodi sitolo ikagulitsa ufa wochepa chifukwa choti anthu akolola, tinene kuti yalephera? Funso limeneli landisowetsa mtendere kuyambira pamene eni holoselo yomwe ndimagwirako ntchito kuno ku Petauke anaika dashibodi pa kompyuta ya mu ofesi. Holoseloyi ili ndi nthambi ku Nyimba, makilomita pafupifupi 70 kuchokera kuno mukamalowera ku Lusaka. Ntchito yanga ndi yosunga buku la katundu: cholowa ndilembe, chotuluka ndilembe, lole ikamanyamuka kupita ku Nyimba ndiwerenge zonse zimene yasenza. Sukulu ya zowerengera ndalama sindinapiteko, choncho inu amene munaphunzira zimenezi mundilezere mtima, ndifunse monga momwe ndikuonera.

Dashibodiyo kuiyang'ana siivuta. Pamwamba pali mabokosi awiri. Lakumanzere lalembedwa YTD, ndipo limaonetsa ndalama za zonse zimene tagulitsa kuyambira pa 1 Januwale 2025 kufika lero. Lakumanja lalembedwa PY, limaonetsa za nyengo yomweyo mu 2024. Pakati pake pali kamuvi. Za chaka chino zikaposa za chaka chatha kamabiriwira n'kuloza kumwamba, zikachepa kamafiira n'kuloza pansi, ndipo pambali pake pamalembedwa maperesenti. Anaikonza ndi mwana wa alongo anga, mtsikana amene anaphunzira ku Lusaka ndipo tsopano ndiye kalaliki wa ndalama pano. Amagwiritsa ntchito pulogalamu ya kampani ya Microsoft yotchedwa Power BI, imene imakoka manambala kuchokera m'makina odulira malisiti a masitolo onse awiri. Ntchito yakeyo ndi yaudongo ndipo ndimamunyadira. Zimene abwana ankachezera nazo usiku akuwonkhetsa m'mabuku, lero amaziona pa foni asanamalize kumwa tiyi.

Sitolo iliyonse ili ndi kamuvi kake. Ka Petauke n'kobiriwira. Ka Nyimba kanali kobiriwira mpaka mu Epulo, kenako maperesenti anayamba kutsika mwezi ndi mwezi, ndipo pofika mu Ogasiti kanafiira. Pamsonkhano wa kumapeto kwa mweziwo panamveka mawu akuti mwina anyamata a ku Nyimba achuluka, mwinanso atayirira pa ntchito. Anyamatawo ndimawadziwa. Ndi amene amatsitsa matumba lole ikafika, nthawi zina mdima utagwa kale, ndipo mmodzi mwa iwo wangokwatira kumene. N'chifukwa chake sindingangogwedeza mutu pamsonkhano kamuviko ndisanakamvetse.

Chaka chimene tikuyezera nachocho chinali chaka chotani? Kuno kum'mawa palibe angachiiwale. Mvula inadula mu Januwale 2024 chimanga chili pafupi kumasula, ndipo kwa masabata otsatizana dzuwa linangoswa mtengo. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka logwera dziko lonse, nanena kuti pa mahekitala pafupifupi 2.2 miliyoni amene anabzalidwa chimanga, pafupifupi 1 miliyoni anali atapserera. Chaka chimenecho dziko lonse la Zambia linakolola matani pafupifupi 1.5 miliyoni, pamene mu 2023 linakolola oposa 3.2 miliyoni.

Mu Julayi 2024 ndinaperekeza lole ku Nyimba n'kuthandiza anyamata pakauntala. Pamzere panali anthu amene pa moyo wawo sanagulepo ufa wa m'sitolo, ena atapalasa njinga kuchokera kwa Mfumu Ndake ndi kwa Mfumu Nyalugwe kusanache. Thumba la ufa wa bulekifasi la makilogalamu 25 linali litapitirira K300. Mabanja awiri kapena atatu ankasonkherana n'kugula thumba limodzi, kenako ankakhala pansi kuseri kwa sitolo, kulimasula, n'kumagawana ndi meda, aliyense maso ali pa dzanja losalaza pamwamba kuti lisakondere. Amayi a tuntemba ankagula matumba kuti akathire m'timapulasitiki ta pamela. Ndalama zimene anthu ankayala pakauntala zinali zokwinyika, za mbuzi yogulitsidwa motchipa m'mawa womwewo kapena za thumba la makala. Ufa sunkagona m'sitolo. Ukatsika m'lole Lachiwiri, pofika Lachisanu anyamata akuimba foni kuti watha.

Dashibodi ikanakhalapo nthawi imeneyo, kamuvi ka Nyimba kakanabiriwira kwambiri. Tikanaombera m'manja chiyani? Chaka chino cha 2025 mvula yagwa, ndipo boma linalengeza kuti dziko likolola matani oposa 3.6 miliyoni. Kuyambira mu Meyi munthu wa ku Nyimba amatapa chimanga m'nkhokwe yake n'kupita nacho kuchigayo. Kusitolo amabwera kudzagula mchere, sopo ndi shuga, thumba la ufa amalidutsa osaliyang'ana n'komwe. Tsono kamuvi kofiirako kakunena za ulesi wa anyamata, kapena kakunena kuti ana a m'midzi ya Nyimba akugona atadya? Ngati n'chachiwirichi, bwanji nkhani yabwino chotere ikuoneka ndi mtundu wa ngozi?

Nanga Petauke yabiriwira chifukwa chiyani? Sitolo ya kuno, kuwonjezera pa zakudya, imagulitsa malata, simenti, misomali ndi njinga, katundu amene mlimi amamuganizira pokhapokha akagulitsa chimanga, mtedza, soya kapena mpendadzuwa. Mu 2024 malata anangochita fumbi. Chaka chino ngolo za ng'ombe zimachita kudikirirana pakhomo. Mvula imodzi yomweyo yabiriwitsa kamuvi kena n'kufiiritsa kanzake. Ife a ku Petauke tachitapo chiyani choposa anzathuwo?

Ndinamufunsa mwana uja titatsala awiri mu ofesi.

"Iwe, makinawa akudziwa kuti chaka chatha kunali njala?"

"Ayi amalume. Amadziwa zimene tawauza basi: tsiku, katundu ndi ndalama."

"Nanga sangaonetse ufa pawokha, zinazi pazokha?"

"Angathe ndithu, kungoti palibe anandipempha. Abwana anati akufuna nambala imodzi yoti aziiona msanga."

Abwana ndimawamvetsa, ali ndi zambiri m'mutu. Koma nambala imodzi ingasenze bwanji ufa ndi malata pamodzi, pamene ufa umayenda anthu akavutika, malata anthu akapeza bwino?

Maperesenti nawo amandizunguza. Tengani chimanga cha dziko lonse chija. Kuchoka pa matani 3.2 miliyoni kufika pa 1.5 miliyoni ndi kutsika ndi maperesenti oposa 50. Kuchoka pa 1.5 miliyoni kufika pa 3.6 miliyoni ndi kukwera ndi maperesenti pafupifupi 140. Womva 140 angadabwe kuti alimi a ku Zambia achita zotani chaka chino, chonsecho mukaika 2025 pambali pa 2023 kukwerako ndi maperesenti pafupifupi 12 okha. Chimanga n'chomwecho, chimene chasintha ndi chaka chomwe mwasankha kuyezera. Ndiye analamula ndani kuti chaka chatha chokha ndicho choyezera? Chikakhala cha chilala, kapena cha mliri monga 2020 ndi 2021, chimakhalabe muyeso wabwino pa chifukwa chongoti ndicho chayandikana nafe? Bwanji pasakhale bokosi lachitatu la 2023, chaka chimene anthu a ku Nyimba anali ndi chimanga chawo monga ali nacho lero? Mabuku a 2023 ndili nawo m'kabati. Ine ndikuona kuti pamenepo ndi pamene tingadziwe ngati anyamata aja atayiriradi.

Chinanso, mabokosi onse awiri amawerenga makwacha. Buku langa limawerenga matumba, makatoni, mabelo ndi zigubu. Kodi kwacha ya chaka chatha ndi ya chaka chino n'zofanana? A FRA, bungwe la boma logula mbewu, ankagula thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa K280 mu 2023, pa K330 mu 2024, ndipo pa K340 mu 2025. Tiyerekeze mlimi amene anagulitsa matumba 100 mu 2023 n'kulandira K28,000, ndiye mu 2024 n'kugulitsa matumba 90 n'kulandira K29,700. Pa dashibodi mlimi ameneyu wabiriwira ndi maperesenti 6. Pakhomo pake iye ndi mkazi wake akudziwa kuti matumba 10 asowa. A ZamStats, amene amatsata mitengo ya zinthu, anati mu Disembala 2024 mitengo inali itakwera ndi maperesenti 16.7 poyerekeza ndi Disembala 2023. Ngati ndamva bwino, sitolo imene ndalama zake zakwera ndi maperesenti 10 mitengo itakwera ndi 16.7 yatulutsa katundu wochepa kuposa kale. Komabe kamuvi kake n'kobiriwira ndipo eni ake akugona tulo tabwino. Adzawachenjeza ndani?

Ku Nyimba zimenezi zatembenuka. Anthu atakolola ufa unayamba kutsika mtengo, moti thumba limodzi likubweretsa makwacha ochepa lero kuyerekeza ndi mu Malichi. Ukapitirira kutsika, anyamata adzafiirabe ngakhale atagulitsa matumba ofanana ndendende ndi a chaka chatha. Paja pa 1 Januwale 2013 anachotsa maziro atatu pa ndalama yathu, K1,000 n'kukhala K1. Nthawi imeneyo aliyense, ndi wogulitsa tomato yemwe, ankadziwa kuti sungaike ndalama za 2012 pambali pa za 2013 usanazisinthe. Kusintha kumeneko kunachitika tsiku limodzi ndipo tonse tinakuona. Kwa masiku ano kumabwera pang'onopang'ono, shuga lero, sopo mawa. Kodi n'chifukwa chake timaiwala kuti muyeso ukusinthabe?

Amayi ogulitsa nthochi pamsewu wa Great East ku Nyimba alibe kompyuta, koma nawonso amayerekeza zaka. Basi yochokera ku Lusaka ikangoima amathamangira kumawindo, mabeseni ali pamutu, ena atakweza phava m'mwamba kuti wa pampando alione, chenji atachimanga pansonga ya chitenje. Ndinafunsa amayi ena amene ndimakonda kugula kwa iwo kuti malonda akuyenda bwanji poyerekeza ndi chaka chatha. Sanatchule nambala. Anati, "Atate, chaka chatha madimba anauma, mikoko inali yowonda. Ndikagulitsa beseni lonse ndalama yake inkathera ku chimanga cha masiku ochepa. Chaka chino chimanga chili kunyumba, ya beseni ndagulira mwana nsapato." M'yankho limeneli munali katundu amene anatuluka, chimene ndalamayo inagula, ndi chimene chinachitika chaka chimenecho. M'bokosi lathu muli makwacha okha. Zitheka bwanji kuti makina odula chotere azitiuza zochepa kuposa zimene amayi a beseni amasunga m'mutu?

Za masiku ndingodutsamo msanga. Kuyambira pa 1 Januwale kufika pa 31 Ogasiti, chaka cha 2024 chili ndi masiku 244, chaka chino 243. Tsiku lowonjezeralo ndi la 29 Febuluwale lomwe lija, limene chilala chinalengezedwa. Linali Lachinayi, masitolo anatsegula, anthu anagula. Makinawa amaliyerekeza ndi tsiku liti la chaka chino? Ife Lamlungu sititsegula, ndipo mukachotsa masiku a Lamlungu, mu 2024 mutsala 210, chaka chino 208. Isitala inali pa 31 Malichi mu 2024, chaka chino pa 20 Epulo. Sukulu mu 2024 zinatsegulidwa pa 12 Febuluwale chifukwa cha kolera, choncho makope ndi mapensulo amene timagulitsa mu Januwale anayenda mu Febuluwale. Mwana uja anandiyankha kuti ubwino wowonkhetsa kuyambira mu Januwale ndi womwewo: pofika mu Ogasiti, Isitala ndi kutsegulira sukulu zalowa kale mbali zonse ziwiri, zafanana. Pamenepo ndinamva ndipo ndikuvomereza. Koma masiku awiri ogulitsa aja akusowabe, ndipo wantchito amene waweruzidwa kumapeto kwa Januwale kapena kwa Malichi sadikira Ogasiti kuti amve kuwawa kwake.

Pali china chimene chinachitika dashibodi itangoikidwa. Tsiku lina chapakati pa mwezi timivi tonse tinafiira, ndi ka Petauke komwe. Mwana uja atafufuza anapeza kuti bokosi la chaka chino linkaima pa tsiku limenelo, pamene la chaka chatha linkapitirira mpaka kumapeto kwa mwezi. Theka la mwezi linkapikisana ndi mwezi wathunthu. Anakonza tsiku lomwelo, ndipo anandiuza kuti okonza madashibodi ambiri amapunthwa pomwepo. Ndi masitolo angati, ku Chipata, ku Katete kapena ku Lilongwe, amene akudzudzula antchito chifukwa cha masiku amene sanafike n'komwe? Anandiuzanso kuti makampani akuluakulu amasamala kwambiri pa zimenezi. A Shoprite, amene ali ndi sitolo ku Chipata, amawerenga chaka chawo m'masabata 52, Loweruka n'kumakumana ndi Loweruka linzake. Chaka chikakhala ndi masabata 53, monga chimene chinatha pa 4 Julayi 2021, amanena poyera n'kuonetsanso manambala sabata yowonjezerayo itachotsedwa. Amasiyanitsanso masitolo amene analipo zaka zonse ziwiri ndi amene angotsegulidwa kumene. Ngati akuluakuluwo amaona kuti n'zofunika, bwanji ife ang'onoang'ono tizikhutira ndi kamuvi kokha?

Zimenezi zikundifikitsa pa lole yathu. Chaka chatha eni tuntemba a m'mbali mwa msewu, kuchokera cha ku Minga kumka ku Nyimba, ambiri ankakaoda ku nthambi ya Nyimba. Chaka chino abwana analamula kuti lole iziwatsitsira katundu pakhomo popita, ndipo anachita bwino. Koma invoisi imalembedwa kuno, kumene katundu wapakiridwa. Wogula ndi yemweyo, shuga ndi yemweyo, ndalama zikupita kwa abwana omwewo, koma pa dashibodi Nyimba yaluza, Petauke yawina. Boma la Petauke lenilenili linadulidwa mu 2012 pamene Sinda inakhala boma payokha, n'kudulidwanso mu 2018 pamene Lusangazi inapatsidwa boma lake. Munthu woyerekeza zokolola za Petauke za 2019 ndi za 2017 osadziwa zimenezi sanganene kuti alimi a kuno afooka? Malire akasuntha, tikuyerekezabe chinthu chomwecho?

Ndiye pali nkhani ya magetsi. Madzi atachepa ku Kariba, a ZESCO anayamba kugawa magetsi mu Malichi 2024, maola 8 pa tsiku mumdima, ndipo pofika mu Seputembala maolawo anafika 17 n'kupitirira. Makina odulira malisiti ankazima. Anyamata ankalemba pamanja m'buku la kaboni, magetsi akabwera pakati pa usiku kapena mawa lake n'kumalowetsa m'kompyuta. Pothamangitsana ndi magetsiwo, zambiri ankazilowetsa pamzere umodzi wa katundu wosiyanasiyana, pa deti la tsiku limene alowetsalo. Sindikuwaimba mlandu, aliyense akanachita chimodzimodzi. Koma bokosi la PY laimirira pa manambala amenewo. Mwana uja akafuna kupatula ufa wa 2024, mbali ina sadzaupeza m'kompyuta. Adzaupeza m'buku langa, mmene muli thumba lililonse limene linakwera lole, ndi m'mabuku a kaboni amene ali m'katoni ku Nyimba. Nambala imaoneka yaudongo pa sikirini, yolunjika bwino mpaka pa ngwee. Kodi amene akuiyang'ana pa foni amadziwa kuti inalembedwa ndi munthu wotopa, atayatsa tochi, akuopa kuti magetsi azimanso?

Nanga kugulitsa n'chiyani kwenikweni? Makinawa amawerenga invoisi ikangolembedwa. Malata ambiri amene abiriwitsa Petauke atengedwa pangongole, ndi omanga amene akudikira malipiro komanso alimi amene akudikira ndalama za chimanga. Ufa, sopo ndi mchere wa ku Nyimba anthu amalipira pompo, pamanja kapena pa foni, pa Airtel Money ndi MTN. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Bwanji pa dashibodi palibe bokosi loonetsa ndalama zimene zalowadi? Nalonso phindu silikuonekapo. Aliyense wa holoselo amadziwa kuti thumba la ufa limadzaza buku ndi makwacha ambiri, koma chotsala kwa mwini sitolo akachotsa mtengo woodera, dizilo ndi otsitsa n'chochepa zedi. Mwina Nyimba yataya makwacha ochuluka ndi phindu lochepa chabe. Mabokosi amenewa akanakhalapo, timivi tiwiri tija tikanakhalabe ndi mitundu yomweyi?

Funso limene limandivuta koposa ndi la pa 1 Januwale. Chaka cha boma ndi cha a ZRA chimayamba tsiku limenelo, ndipo za msonkho ziyenera kutsata zimenezo. Koma malonda a kuno sayamba mu Januwale. Januwale ndi pakati pa dzinja, nkhokwe zili pafupi kutha, ndalama zathera ku feteleza ndi ku zofunika za ana a sukulu. Ndalama zimalowa m'midzi kuyambira mu Meyi, ndipo unduna wa zaulimi womwe umawerenga nyengo yogulitsa mbewu kuyambira pa 1 Meyi kufika pa 30 Epulo. Taonani tsono zimene zili m'bokosi la chaka chino. Januwale mpaka Epulo njala ya zokolola za 2024 inali pachimake, Meyi mpaka lero anthu akudya za 2025. M'bokosi la chaka chatha ndi mosemphanitsa: miyezi yoyambirira anthu ankadyabe za 2023, kuyambira mu Meyi njala. Tawonkhetsa njala ndi kukhuta mbali iyi, kukhuta ndi njala mbali inayo, kenako tikufunsa kuti yaikulu ndi iti. Yankho lake lingatithandize kuoda chiyani mwezi wamawa? Anzathu a ku Malawi anasuntha chaka cha boma lawo. Chinkayamba mu Julayi, kuyambira 2022 chimayamba mu Epulo, ndipo chaka chosinthiracho chinali cha miyezi 9 yokha. Choncho poyambira chaka amasankha ndi anthu. Nditamufunsa mwana uja ngati makinawa angayambe kuwerenga mu Meyi, anati, "Ndi kungosintha deti lotsekera chaka, amalume, sizingathe ndi ola lomwe." Tsono tikudikira chiyani?

Sindikunena kuti dashibodi ichotsedwe. Inatithandiza kuona msanga kuti mafuta ophikira a zigubu zazikulu asiya kuyenda anthu atayamba kuyenga mpendadzuwa wawo, ndipo tinaleka kuoda tisanadzaze nawo sitolo. M'mabuku tikanazindikira mochedwa. Chimene ndikuopa n'chakuti pa 1 Januwale 2026 mabokosi adzayambiranso pa ziro, ndipo chaka chino cha dzinthu ndicho chidzakhale choyezera. Mvula ikadzavuta pang'ono malata adzachepa, ufa udzayenda, timivi tidzasinthana mitundu. Kudzakhalanso chisankho pa 13 Ogasiti 2026, ndipo nyengo ya chisankho imakhala ndi malonda akeake amene 2025 ilibe. Pamenepo tidzati a ku Petauke ndiwo atayirira, a ku Nyimba alimbikira? Tizidzachotsa anthu kuno n'kulemba ena uko, chaka ndi chaka, malinga ndi mmene mvula yagwera?

Abwana, msonkhano wina uli kumapeto kwa mwezi uno. Ndikupempha kuti nkhani ya anyamata a ku Nyimba isagamulidwe tsiku limenelo. Mundilole ndimupatse mwana uja mabuku anga a 2023 ndi 2024, lole pobwera itenge katoni ya makaboni ija, ndipo anyamatawo muwaitane adzakhale nafe pamene manambala akuwerengedwa, poti ndiwo anaima pakauntala chaka cha njala. Zikadzaoneka kuti makatoni a sopo, mabelo a shuga ndi mchere nazonso zatsika poyerekeza ndi 2023, ine ndidzakhala woyamba kuvomereza kuti ku Nyimba kuli vuto. Inunso owerenga amene mumakonza madashibodi, ku Lusaka, ku Chipata kapena ku Blantyre, ngati pa mafunso angawa pali pamene ndasokoneza, ndilembereni mundiwongole msonkhanowo usanafike.